Makalata a Amuna Anga Anali m'Sutikesi ya Mneneri

Cholakwa changa ndikuchidziwa ndipo sindibisa: ndinapereka maso anga ndi banja langa kwa munthu mmodzi chifukwa ankapemphera mogwira mtima. Koma amene amanditcha wotembereredwa amve lero kuti sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.

Dziko litangolandira ufulu, amuna anga anapita kumigodi ku Joni, ine n'kutsala kwathu kwa Malemia ndi khanda. Ndiye kunabwera a Nampeya, amene ankadzitcha mneneri. Anamanga chisakasa m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, ndipo ambiri owatsatira tinali ife azimayi amene amuna athu anali kutali. Poyamba zinali zokoma, inu owerenga. Tinkathandizana kuwokera mpunga, mwana akadwala a Nampeya ankabwera kudzapemphera. Kenako malamulo anayamba. Osapita kumaliro a anthu a mipingo ina. Osakacheza kwa makolo popanda chilolezo. Makalata onse azifikira kwa iwo kuti ayambe awapempherera. Poti sindinkadziwa kuwerenga, ndinaona ngati akundithandiza.

Tsiku lina anandiuza kuti amuna anga akwatira ku Joni, ndipo alemba kuti ndiwaiwale. Nditapempha kuti ndingoigwirako kalatayo, anati kufunsa n'kusakhulupirira. Sindinafunsenso kwa chaka chathunthu, ndikuwasesera m'nyumba ndi kuwatungira madzi.

Mayi anga atadwala ndinapita osatsanzika. Kumeneko ndinapeza a Chikopa, mkulu wa mpingo wa makolo anga, atabwera kudzawazonda. Ndinkadikira kudzudzulidwa poti ndinathawa mpingowo, koma iwo anangofunsa za mwana. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati chinalidi chifuniro cha Mulungu kuti amuna anga andisiye.

"Zimenezo sindikudziwa, mayi," anatero. "Kalatayo munaiona ndi maso anu?"

Ndinadabwa. Ndinali nditaiwala kuti mtsogoleri angavomere kuti sakudziwa. Iwo ndi akazi awo anayamba kundiphunzitsa kuwerenga pakhonde pawo ndikamachokera kuchigayo, ndipo sanandikakamizepo kubwerera kumpingo kwawo.

Patapita miyezi, ndikusesa, ndinatsegula sutikesi ya a Nampeya. Munali makalata ambiri, anayi olembedwa dzina langa. Ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi. Amuna anga sanakwatire. Mwala unawaphwanya dzanja, anali m'chipatala, akungopempha mawu anga. Yachinayi inali yoyankha kalata imene ine sindinalembe, yolembedwa ndi a Nampeya m'dzina langa. Inati popeza ndawaletsa kupondanso pakhomo panga, apita kwawo ku Phalombe.

Lamulungu lotsatira ndinaimirira pakati pa ulaliki n'kuyamba kuwerenga makalatawo mokweza. A Nampeya anakuwa kuti ndikhale pansi, ndili ndi chiwanda.

"Chiwandacho chaphunzira kuwerenga, abambo," ndinayankha. "Inu azimayi, makalata anunso ali m'sutikesi momwemo."

Ananditemberera kuti sindidzalawa mpunga watsopano. Ndinaulawa chaka chomwecho ndi zaka zonse zotsatira. Azimayi atatu okha ndiwo anatuluka nane. Otsalawo anasiya kundipatsa moni, ena mpaka lero.

Ku Phalombe ndinapita ndi mwana kumbuyo. Ndinapeza amuna anga atakwatiradi tsopano, mkazi wawo ali woyembekezera. Anawerenga makalata awo omwe, misozi ikugwera papepala. Panalibe chobweza. Mwana wanga anakula akumawaona bambo ake kamodzi pachaka, ndipo mlandu umenewo ndi wanganso, chifukwa ndinaopa kufunsa kachiwiri.

Inu owerenga, musamuyese mtsogoleri ndi kukoma kwa pemphero lake. Mufunseni funso lovuta, muone nkhope yake. M'busa weniweni amakupatsani Baibulo m'manja kuti muone nokha, ndipo mukapita kwa amayi anu sakwiya. Koma wina akati mafunso anu ndi tchimo, abale anu ndi adani, ndipo mukachoka mufa, nyamukani tsiku lomwelo, masanasana, onse akuona. Musatsanzike.