Buku la pulogalamu imene sindinaione

Kampani ya boma imene ndinkagwirako ntchito itagulitsidwa, ndinabwerera ku komboni ya Mtendere ndili ndi zaka zoposa makumi anayi, osadziwa kulemba kalata. Ndinalowa sukulu yamadzulo pamodzi ndi anthu a msinkhu wa ana anga. Chimene chinandichedwetsa sukulu ndi nkhani yanga, ndipo amene ndikanamupepesa pa nkhaniyo anagona kale kumanda a ku Chingwere. Koma kuyambira pamenepo, chilichonse chimene ndalemba ndimafuna chikhale choona.

Patapita zaka, anyamata ena a ku yunivesite anayamba kupanga pulogalamu ya pakompyuta yothandiza aphunzitsi a m'masukulu a m'makomboni kulemba mayeso. Inali yaulere, ndipo aliyense anali ndi ufulu woikonza. Ankafuna munthu wolemba buku la malangizo m'Chinyanja. Abusa athu anatchula ine, poti ndinkalemba zolengeza za mpingo.

Mtsogoleri wa anyamatawo anali bambo wamagalasi, wosayang'ana munthu kumaso. Ankanditumizira mapepala a zithunzi zoonetsa pulogalamuyo, ine n'kumalemba m'munsi mwake kuti dinani apa, kenako apa. Pulogalamu yeniyeniyo sindinaikhudzepo. Inali m'makompyuta awo kutauni, ndipo ankaisintha sabata ndi sabata.

Ndinamupempha kuti andiikire pa kompyuta ya mu ofesi ya tchalitchi, pamodzi ndi zida zimene iwo ankaimangira, kuti ndiziona zimene asintha.

"Ba mudala, ni vaulele ivi," anatero. "Vili pa intaneti. Aliyense angatenge."

Aliyense! Ku Mtendere intaneti inali m'kachipinda kamodzi pafupi ndi msika, moyenda ngati nkhono, ndipo magetsi akathima zonse zinkayambira pachiyambi. Madzi a mu mtsinje wa Kafue nawonso ndi aulere, koma kodi amafika okha m'ndowa?

Pa tsamba lina ndinalemba kuti mukamaliza mayeso, dinani batani la kumanja kuti musunge. Pachithunzi chimene anandipatsa zinalidi choncho. Iwo anasinthanitsa mabataniwo osandiuza, ndipo la kumanja linakhala lotseka popanda kusunga. Mphunzitsi wina, mayi wa mumpingo mwathu, anatsata buku langa ndipo mayeso a kalasi yonse anafufutika. Anandipeza pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka.

"Atate, ngati simuziba vinthu, muzikamba chabe kuti simuziba. Nalemba tsiku lonse, vonse vayenda!"

Anthu anatembenuka. Wina anaseka n'kunena kuti sukulu yamadzulo ndi yamadzulo basi.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita kutauni. Wamagalasi uja anamvetsera akudina kompyuta yake.

"Awe, ni kanthu kang'ono ako. Tizasintha pa pepala."

"Dzina langa mudzalisinthanso papepala?"

"Manje mufuna chani? Tikakuikilani, muzaononga chabe. Si va typing ivi."

"Ndiye lembani nokha," ndinatero. Ndinanyamula machaputala amene ndinali nditabweretsa n'kutuluka nawo.

Anayesadi kulemba okha. Aphunzitsi anawabwezera mapepala awo, ati Chinyanja chake n'Chingerezi chovala chitenje. Loweruka lina wamagalasi anatulukira ku tchalitchi ali ndi sidi ya pulogalamu ija m'thumba la malaya, nsapato zili fumbi lokhalokha. Sanapepese. Ine sindinamupatse moni.

Anaganiza kuti kuika pulogalamuyo pa kompyuta ya mu ofesi ndi ntchito ya kanthawi. Kompyuta inakana. Chida china chinkafuna chinzake, chinzakecho n'kufunanso china chimene sanabwere nacho. Anavula jekete. Anaimbira mnzake foni.

"Iwe, unaika bwanji ichi chinthu pa yako? Sukumbukila? Nanga sitinalembe?"

Sanalembe paliponse. Aliyense wa iwo anadziikira kalekale, n'kuiwala njira yake. Ndiwo anthu amene ankandiuza kuti aliyense angatenge. Ndinakhala pabenchi manja ndapinda, osamufunsa ngakhale ngati akufuna madzi. Kwaya inabwera kudzaphunzira nyimbo, inatsiriza, inapita, iye akadali thukuta kamukamu.

Dzuwa litapendeka, pulogalamu inatseguka. Anaimirira n'kundilozera mpando. Ndinalemba funso limodzi la masamu, kenako ndinadina batani la kumanja. Funso lija linasowa. Ndinalembanso, n'kudina la kumanzere. Linakhala.

"Mwaona? Vasebenza," anatero akuvala jekete.

"Sidiyo muisiye," ndinatero. "Musaitenge. Ndipo mukasintha kanthu, mubweretse ina musanandipemphe tsamba."

Anaiponya patebulo n'kutuluka. Sindinamuthokoze, ndipo mpaka lero sindiona chimene ndikanamuthokozera. Chaputala cha mabatani aja ndinachilembanso ndikudina batani lililonse ndi chala changa, ndipo Lamulungu ndinakachipereka kwa mphunzitsi uja pakhomo lomwe lija, anthu akutuluka. Anachilandira n'kumapita.