Anapiye pa Boda ndi Imelo Yokana Kutuluka

Kapulogalamu kathu ndinakapanga ndekha, ndipo sindibisa, ndinkakanyadira mpaka anzanga kutopa nane. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kwa mayi ena, ajenti oombola katundu pa boda ya Mchinji. Ukalowetsa zonse za katundu pa laputopu n'kudina batani, kapulogalamuko kankalumikizana ndi seva, kompyuta yomwe inkatitumizira imelo, mapepala ulendo wa ku Lilongwe kuti mwini katundu asayine n'kubweza. Popanda siginecha imeneyo, lole sinkadutsa pageti.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, inafika lole yochokera ku Zambia itanyamula anapiye ongoswedwa kumene, mabokosi okhaokha. Kulira kwawo kunkamveka mpaka mu ofesi. Dalaivala, bambo wachikulire wamfupi, anasuzumira pakhomo.

"Achimwene, mundifulumizire. Tinthu iti sitipirira kutentha ngati simenti ayi."

"Musadandaule bambo, mphindi ziwiri basi," ndinatero monyada, n'kudina batani.

Imelo inakana. Pagalasi panatuluka mawu ofiira, akuti seva yakana kulumikizana. Ndinadinanso, zomwezo. Tsono ine zinthu zikavuta chonchi, m'malo mochita mantha, magazi amayamba kuthamanga, ndimamva kukoma ngati mlenje waona mapazi a nyama. Ndinayamba ndi pasiwedi, inali bwinobwino. Dzina la seva ndinaliwerenga chilembo chimodzichimodzi. Ndinasintha nambala ya khomo lomwe imelo imatulukira, ndinayesa lina, ndinabwezanso. Intaneti inali kuyenda, ndipotu mothamanga kuposa masiku onse. Kuitumiza pa adiresi yanga sikukanathandiza, chifukwa a ku Lilongwewo, poopa mbava, ankangolandira mapepala ochokera ku adiresi ya ofesi yathu.

Ola linatha. Dalaivala anali atatsegula kumbuyo kwa lole, akukupizira mabokosi ndi katoni, thukuta lili kamukamu.

Chimene chinandizindikiritsa ndi kuthamanga kwa intaneti kuja. Ya kuno kwathu siichita choncho masana. Ndinayang'ana foni yanga, inalibe netiweki ngakhale kandodo kamodzi. Nanga rauta, kabokosi kathu ka batire kotipatsa intaneti mu ofesi, yaipeza kuti? Ndinaitembenuza, ndinatsegula kachivundikiro, ndipo ndinakuwa mpaka mayi aja anagwetsa cholembera. Munali simu khadi ya ku Zambia!

"Ndine ndayikamo, mwana wanga," anatero. "Ya kuno yathawa kuyambira m'mawa. Ndinati ukabwera usavutike."

Sanalakwe. Pa boda aliyense amayenda ndi simu khadi ziwiri, ina ikagona amadzutsa inzake, ndipo palibe amachiyesa nkhani. Wolakwa ndinali ine. Miyezi ingapo m'mbuyomo, mwa nzeru zanga zambirizo, ndinauza seva kuti izikana aliyense wogogoda kuchokera kunja kwa Malawi. Ndinaiwala kuti ofesi yathu ili poti ukaponya mwala umakagwera ku Mwami, mbali ya Zambia. Seva inkationa ngati alendo, ndipo ngakhale kulowa kuti ndichotse lamulolo sinkandilola.

Ndinaseka, ndinavina pang'ono, chifukwa kupeza nthenda kumakoma. Mayi aja anandiyang'ana ndi diso loti lero ndikutha.

"Ukuvina anapiye akufa?"

Kunkafunika netiweki ya Malawi, basi. Ndipo aliyense wa pamenepa amadziwa kuti ikasowa pa boda, imagwirako pa chulu china chachikulu m'mbali mwa msewu wopita kuboma. Ndinabweza simu khadi yathu mu rauta, laputopu m'khwapa, n'kudumphira njinga yamoto.

"Thamangani akulu, musaone mabampu!" ndinauza woyendetsa njingayo.

Pachulupo ndinapeza amayi awiri ogulitsa mtedza atakwera kale, mafoni m'mwamba. Ndinapempha malo, anasendera. Mmodzi anandigwirira rauta pamwamba pa mutu wake osafunsa n'komwe kuti n'chiyani. Kandodo kamodzi kanabwera, kenako kachiwiri. Ndinadina batani. Kachizindikiro kanazungulira, kanazunguliranso, mawu obiriwira biriwiri! Yapita! Ndinafuula ngati timu yathu yagoletsa, amayi aja n'kuyamba kululutira osadziwa chomwe tapambana. Ndinaimbira a ku Lilongwe ndili pomwepo, anasayina, mapepala anabwerera ndisanatsike. Lamulo langa lopusalo ndinalichotseranso pachulu pomwepo.

Pobwerera ndinkaimba nyimbo pa njinga. Mayi aja anathamanga nawo mapepala ku kasitomu, ndipo pasanapite nthawi geti linakwezedwa. Ine ndinali nditakonzeka kufotokozera dalaivala mmene ndachigwirira chinthucho, kuyambira poyamba mpaka pamapeto, koma ndinamupeza atagwada kuseri kwa lole, akutsegula mabokosi a pansi kwenikweni, kumene mphepo sinkafika. Ambiri anali amoyo ndithu, akulira mwamphamvu. Ena, omwe anali atafa, ankawatola mmodzimmodzi n'kuwaika m'katoni yomwe ankakupizira ija.

Sanandinyoze. Anandigwira dzanja, anati, "Mwayesetsa achimwene," n'kukwera lole. Katoniyo anaisiya pakhonde pa ofesi. Ndinabwereka khasu kwa alonda, ndinakakumba kuseri kwa mpanda, ndipo apo ndi pamene manyazi anandigwira. Tianapiye timeneto tinali tidakali tofunda m'manja mwanga.