Osuzumira pa Tsamba la a Simfukwe

Bambo Esau Simfukwe amawotcherera zitsulo kuno ku Area 25, ndipo ine ndimasoka zovala pakhonde loyandikana ndi shedi yawo. Kwawo ndi ku Chitipa. Anabwera mu Lilongwe ali mnyamata kudzathandiza amalume awo kukonza njinga, kenako anaphunzira kupanga mbaula, mafelemu a mawindo ndi mageti. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo amaimba besi mukwaya. Ine amanditchula "a Shehe", ngakhale ndawauza kambirimbiri kuti ndine Ashraf, telala wamba.

Matenda awo ndi amodzi: kufunsa. Munthu akaima pashedi, n'kuyang'ana geti, n'kutembenuka osalankhula, iwo amasiya ntchito n'kumulondola mpaka kumsewu. "Achimwene pepani, chakubwezani n'chiyani? Mtengo kapena penti?" Ena amayankha, ena amafulumiza mapazi poyesa kuti mutu wa mkuluyu sukuyenda bwino. Ine zimandichititsa manyazi, koma iwo amangoti safunsa anadya phula.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi, Suwilanji, amene amagwira ntchito ya makompyuta m'tauni, anawapangira webusayiti yoonetsa mageti. Anawaikiranso pafoni malo oonera alendo a pawebusayitiyo: angati alowa, akuchokera mzinda uti, atsegula masamba ati. Kumeneko kunali kuthira mafuta pamoto.

"Nanga nambala yaikuluyi?" anafunsa bambowo.

"Amenewo ndi obaunsa, adadi. Amatsegula tsamba loyamba, osakhudza chilichonse, basi n'kutuluka."

"Osuzumira," anatero iwo. "Ndiye ndiwalondola bwanji?"

Suwilanji anaseka nati pa intaneti munthu salondoleka. Sankawadziwa bwino bambo ake. M'mawa mwake ndinawaona pa siteji ya minibasi atavala ovolosi, akupempha anthu odikira kuti atsegule webusayitiyo pa mafoni awo. Iwo sankayang'ana foni ayi, ankayang'ana nkhope ya munthuyo. Anabwerako atakwiya komanso akusangalala, monga amachitira msodzi amene wawedza nsomba yomubaya chala.

"A Shehe, wandithamangitsira anthu ndine ndemwe."

Zoona zake n'zakuti pamene Suwilanji ankapanga tsambalo, iwo anakakamira kuti mlendo alandiridwe mwaulemu. Munthu akangotsegula, inkayamba ndi vidiyo ya kwaya yawo, eni ake ali kumbuyo kukhwimitsa besi. Pansi pake panali moni wautali, kuthokoza Mulungu, kuthokoza amalume aja, ndi mbiri ya ulendo wochokera ku Chitipa. Geti loyamba linali kutali ngati chitsime cha m'chilimwe. Mayi wina pasiteji anawalalatira kuti kwayayo yamudyera bandulo ya sabata yonse. Kondakitala wina anangofunsa kuti, "Madala, mukugulitsa nyimbo kapena zitseko?"

Kuchotsa kwaya kunawapweteka, ndinaona ndi maso anga. Koma anachotsa. Pamwamba anaikapo mageti, mitengo yake, ndi kabatani kopita kutsamba la nambala ya foni. Osuzumira anachepa, ntchito inayamba kubwera kuchokera ku Area 49 ndi ku Chinsapo komwe, ndipo ine ndinayamba kusoka m'phokoso kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sindinawayamikire.

Munthu wina akanakhutira pamenepo. Iwo anapeza funso lina. Pali alendo amene amalowa bwinobwino, n'kuyenda masamba awiri atatu, kenako n'kutuluka. Amatulukira pati, ndipo chifukwa chiyani? Suwilanji anawafotokozera kuti mlendo aliyense ayenera kutulukira penapake. Wotulukira patsamba la nambala ya foni ndiye wabwino, chifukwa mwina akukaimba. Wodetsa nkhawa ndi amene watulukira pakati panjira.

M'mene ankafufuza zimenezi ndi pamene anaona mlendo wa ku Joni. Ankabwera Lamulungu lililonse masana. Sankatsegula mageti, sankatsegula mitengo. Ankapita molunjika patsamba lotchedwa "Ndife ndani", n'kukhalapo pang'ono, n'kutuluka.

Suwilanji anati Amalawi ambiri ali ku Joni akumanga nyumba kuno kumudzi, ndiye amafufuza mageti.

"Wofuna geti amayang'ana geti," anayankha bambo ake. 

Apa ndiyenera kunena za Geoffrey, mwana wawo wamwamuna, amene dzina lake silinkatchulidwa pashedi paja. Anakulira pamenepo, ndipo dzanja lake pakuwotcherera linkaposa la bambo ake, ngakhale bambowo sangavomere. Tsiku lina, zaka zingapo zapitazo, mnyamatayo ananyamula makina owotcherera a bambo ake, n'kukagulitsa, n'kukwera basi ya ku Joni osatsanzika. A Simfukwe analankhula mawu pamaso pa anthu, ine ndili pomwepo, akuti alibenso mwana wamwamuna. Mawuwo anamupeza Geoffrey kumene anali. Kuchokera nthawi imeneyo sanaimbepo foni, ndipo nambala yake yakale inasiya kugwira. Mayi ake anamwalira akufunsabe ngati mwanayo ali moyo.

Patsamba la "Ndife ndani" panali chithunzi chimodzi, chojambulidwa kale kutsogolo kwa shedi. Poyamba anali atatu: bambo, Suwilanji ndi Geoffrey. A Simfukwe analamula kuti mnyamatayo adulidwemo. Suwilanji anadula, koma dzanja la mchimwene wake linatsalira paphewa la bambo awo, chifukwa kulichotsa kukanachotsanso phewalo.

Tsiku lina masana a Simfukwe anabwera pakhonde langa, n'kukhala pampando wa makasitomala, n'kundionetsa chithunzicho.

"A Shehe, munthu angamabwerere sabata ndi sabata kudzaona dzanja?"

"Ngati ndi lake, inde."

"Nanga ngati si iyeyo?"

"Ndiye simutaya kanthu. Mwakhala mukuthamangira anthu achilendo mpaka kumsewu kuwafunsa chawabweza. Uyu chomubweza mukuchidziwa."

Ndinalankhula mokalipa, chifukwa nkhaniyi inakhala ikundiwawa kwa zaka. Ndinkamukonda mnyamata uja. Ndine ndinamusokera yunifolomu yake yoyamba ya sukulu. A Simfukwe ananyamuka n'kukayatsa galayinda yawo yodulira zitsulo, ndipo tsiku limenelo inalira mopitirira muyeso.

Loweruka Suwilanji anandinong'oneza kuti bambo ake amuuza abwezeretse chithunzi chonse. Anamuuzanso alembe mayina pansi pake, onse atatu, ndi mawu akuti "ana anga". Mtsikanayo anafuna kuwonjezera uthenga woti Geoffrey aimbe foni, koma iwo anakana. Anati tsamba la bizinesi si malo olirirapo, ndipo pansi pa chithunzi pangoikidwa kabatani komwe kaja kopita ku nambala.

Lolemba m'mawa a Simfukwe anandipeza ndisanatsegule n'komwe makina. Maso awo anali ofiira. Anandipatsa foni, chala chili pamzere umodzi. Mlendo wa ku Joni anabwera Lamulungu monga mwa masiku onse, koma ulendo uno sanatulukire pachithunzi. Anapitirira mpaka patsamba la nambala, n'kutulukira kumeneko.

Tsiku lonselo galayinda sinalire. Geti la kasitomala linangogona pansi losamaliza, iwo ali pabenchi, foni ili pabondo. Ikalira ankadzidzimuka, n'kupeza kuti ndi wofunsa mtengo wa mafelemu, ndipo ankamuyankha mwachidule moti ndinachita mantha kuti bizinesi ithera pomwepo. Lachiwiri chimodzimodzi. Ine ndinayamba kudziimba mlandu kuti mwina ndawapatsa chiyembekezo chabodza munthu wachikulire.

Lachitatu dzuwa litapendeka foni inalira, nambala yakunja. Ndinaimitsa makina anga. A Simfukwe anati "Halo", kenako anatinso "Halo". Kunalibe yankho, koma ndinaona pankhope pawo kuti mbali inayo kuli munthu amene akupuma.

Anaimirira, n'kugwira foniyo ndi manja onse awiri.

"Usadule," anatero. "Geoffrey, usadule. Sindikufunsa kanthu."