Ulendo Wokakuzitsa Nsagwada ku Balaka

Ndinanyamuka pa Ntaja Lachiwiri nditangoswali m'mawa, ine Abiti Saidi, mayi wa ana asanu ndi awiri, mwini mano anayi. Enawo anazulidwa kalekale, lero ili, mawa ilo. Mwana wanga wa ku Joni ndiye anati, "Amayi, pa chikwati cha mdzukulu wanu Asiyatu musakaimbe mutaphimba pakamwa. Pitani ku Balaka, kwabwera dokotala wobzala mano." Wobzala mano! Eee, ndinavina, ndinavina ine.

Minibasi ya ku Liwonde, faifi sauzande. Ndinauza onse kuti ndikupita kwa dokotala, n'kuyamba kuimba. Kondakitala akuti, "Agogo, wodwala saimba chonchi. Mukudwala chiyani?" Ndinamuyasamulira. Sanafunsenso.

Naini koloko tili pa Liwonde, Shire ali phee. Mayi wina anandilowetsera chimanga chowotcha pawindo. Ndinati, "Achemwali, ndinakulakwirani chiyani?" Ndinagula nthochi ziwiri, chakudya cha ife ndi makanda.

Masana ndili pa Balaka, kabaza mpaka pakhomo pa chipatala. Adokotala, mayi wochepa thupi, anandijambula nsagwada n'kundionetsa chithunzi.

"Agogo, dzino lobzala limaima pa kachitsulo kolowa m'fupa. Koma fupa lanu lapyapyala ngati mpeni, poti lakhala zaka lopanda mano. Pa mzere wowonda mungabzale chinangwa?"

"Iyayi, timayamba taukuza."

"Basi. Tiling'amba pang'ono pakati, tilikankhira uku ndi uku, mumpatamo tithira ufa wa fupa. Likagwirana, pakatha miyezi inayi, tibzala."

Chikwati chili mu Okutobala. Ndinawerenga miyezi pa zala. Zikwana, koma tikayamba lero lomwe.

"Ufawo ndi fupa la ndani?"

"La ng'ombe, agogo. Umachokera kunja, woyeretsedwa bwino."

"Anachinja ndani?"

Adokotala anatembenuza kabotolo, anawerenga kutsogolo, anawerenga kumbuyo. Dzina la wochinja panalibe.

Ndinati, "Zaka zonsezi nyama yosachinja bwino sinalowe m'kamwa muno. Lero ilowe yosatulukanso? Ndiziswali nayo, ndikalowe nayo m'manda? Iyayi, mwanangu."

"Ulipo ufa wina wopangidwa ndi mankhwala, koma kuuitanitsa ndi miyezi iwiri."

Miyezi iwiri! Chikwati chapita, nyimbo yanga yapita.

"Kapena tipale fupa lanu lomwe, kuseri kwa nsagwada. Koma mabala akhala awiri, kutupa kuwiri."

"Palani langa. Limenelo ndikudziwa zimene ladya."

Jakisoni, dzanzi, kenako go, go, go, ngati kalipentala akukonza chitseko cha aneba, koma chitsekocho ndine.

Folo koloko ndinakwera yobwerera, tsaya ngati dzungu, thonje m'kamwa, ndikuimbira m'mphuno. Pofika pa Ntaja ndinapeza amayi a m'mudzi akudikira pamsewu kuti aone mano. Anasuzumira, anawerenga: anayi omwe aja.

Ndaphunzira ichi ine: ukakana ng'ombe ya eni, wochinjidwa umakhala wekha. Koma Okutobala, Inshaallah, Asiyatu adzalowa m'banja ndi nyimbo yanga, pakamwa pali yasa!