Chaka Chimene Tinachedwa Kufesa Nazale

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, ine ndi amuna anga tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Mitundu. Anthu anali atatiopseza kale kuti matipate ndi nkhondo, ndiye mitima inali m'mwamba. Galimoto yachilendo ikadutsa, tinkasiya makasu n'kumaiperekeza ndi maso.

Nthawi yofesa nazale itakwana, wailesi inalengeza kuti mtsogoleri wa Aisiraeli ndi wa Aluya a ku Palestina agwirana chanza ku Amereka, atadana zaka zambirimbiri. Ine ndinangoti zikomo, n'kupitiriza kutongola chimanga. Koma tsiku la msika amuna anga anakamva mlaliki wina wa pansi pa mtengo akufuula kuti adani amenewo akagwirizana ndiye kuti dziko latha, mvula ya chaka chino sitiiona. Anabwerako opanda ngakhale mchere umene ndinawatuma.

"Mayi, nazale ya chiyaninso?" anatero. "Tifesere ndani?"

Ndinayesa ndi nthabwala. Koma makheni othirira anakhala pakhonde sabata yathunthu, mabedi amene tinali titatentha kale ndi mapesi akungouma kudambo. Anzathu anafesa n'kuphimba ndi udzu, amuna anga ali pamphasa, wailesi pakhutu, kudikira lipenga. Kwa iwo Isiraeli silinali dziko la anthu otsokomola ngati ife. Anali malo a mu ulaliki, oyandikana ndi kumwamba. Ndikanafesa ndekha, koma kabotolo ka mbewu kanali m'thumba la jekete lawo, ndipo jeketelo sankalivula.

Kapitawo anandipeza pachitsime. "Mayi, pa esiteti pano sitisunga anthu ongopemphera. Loweruka ndikapeza mabedi opanda mbewu, m'nyumbamo mulowa ena."

Kwathu kunalibe munda wobwererako, n'chifukwa chake tinabwera kuno, ndipo tinali ndi ana atatu. Kutha kwa dziko sindinkakuopa. Ndinkaopa Loweruka.

Mutu umodzi susenza denga. M'mawa mwake ndinakwera matola kupita ku Nathenje kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Ndinkafuna abwere adzakalipire mng'ono wawo. Iwo anaseka mpaka kusiya kupalasa makina, kenako anasolola nyuzipepala pa mulu umene ankadulirapo mapatani.

"Alamu, taonani anthu anu othetsa dzikowo."

Ndinayang'anitsitsa chithunzicho. Wina anali ndi nsalu kumutu, akumwetulira mano onse panja. Mnzakeyo, waimvi ndi magalasi, dzanja anapereka ndithu, koma nkhope ili ngati wamwa mankhwala a malungo. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Ndi ya munthu amene akuluakulu amukakamiza kupatsana moni ndi mnzake wolimbirana naye malire a munda. Alamu anati mkanganowo ndi womwewo: malo, madzi, ndi zoti anayamba kukhalapo ndani.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, n'kuwayalira chithunzicho pamphasa.

"Bambo, tamuonani bwino wamagalasiyu. Mtendere umaoneka chonchi?"

Anachiyandikiza kumaso. "Uyu sanakhululuke," anatero.

"Ngakhale pang'ono."

"Ndiye kuti nthawi sinakwane."

Kutacha tinasungunula mbewu m'madzi a m'kheni n'kufesa. Mbande zinatuluka mochedwa, zowonda, kapitawo anang'ung'udza, koma nyumba sanatilande. Ndinadzitama mumtima kuti ndine mkazi wochenjera.

Mankhwala anga aja anali ndi ululu wake. Kuyambira pamenepo, wailesi ikati kumeneko bomba laphulika m'basi, kapena asilikali awombera anthu, amuna anga ankapuma mpweya wautali n'kunena kuti, "Dziko likadalipo," kenako n'kunyamula khasu. Mawu amenewo ankandiopsa kuposa mlaliki uja. Kwafa ana a eni, ife kuno mtima pansi. Ndinkafuna kuwadzudzula, koma ndikanayambira pati, poti mphunzitsi wake ndinali ine?

Patapita zaka ziwiri, tikudikira mvula kuti tiwokere fodya, tinali kudambo kuthirira nazale, wailesi titaikoleka pa chikhomo. Inanena kuti wamagalasi uja waphedwa ndi mfuti. Sanamuphe adani ake ayi, koma munthu wa mtundu wake womwe, chifukwa cha dzanja lomwe lija. Ndinaima ndi kheni m'manja, kudikira mawu aja.

Sanawanene. Anatula kheni, napisa m'thumba la jekete mmene munkakhala kabotolo ka mbewu, n'kutulutsa chithunzi chija chitatha ndi mapindo. Sindinkadziwa kuti anachisunga.

"Mayi," anatero, "munthuyu anapereka dzanja mtima usakufuna, mpaka wafa nalo. Ine zaka ziwiri ndakhala ndikuthirira fodya uku ndikulakalaka kuti alephere."

Chithunzicho ndinabwera nacho ndine kuchokera ku Nathenje.