Mfiti Yosesa Pakhomo pa NyaGondwe

Ndikukumbukira chaka chimene ndinatsala pang'ono kusamutsa nkhalamba m'nyumba mwake chifukwa cha chikhristu changa. Tinkakhala ku Msongwe, bambo atawasamutsira ku Mzuzu kuchokera ku Dedza. Ine ndinali mu sitandade folo, kamtsikana kouma miyendo, komva nkhani ndi khutu limodzi n'kuyamba kuthamanga nayo isanathe.

Mzuzu wa mwezi wa Juni sasewera. M'mawa chifunga chinkaphimba mitengo ya paini, kamvula kakuwaza kosadziwika ngati kakugwa kapena kangoima m'malere, ndipo paliponse pankanunkha utsi wa nkhuni zonyowa. Ntchito zanga za m'mawa zinali kutunga madzi kumpopi ndi kusesa pabwalo. Kutunga ndinkakukonda chifukwa kumpopi kunali nkhani. Kusesa ndinkadana nako ndi mtima wanga wonse. Ndinkasesa pakati pokha poonekera, zinyalala n'kuzikankhira kuseri kwa diramu la madzi, tsache n'kuliponya pomwe mphamvu zandithera. Mayi analankhula mpaka kutopa. Ankati kasesedwe kanga angakazindikire ngakhale atakapeza kunja kwa dziko lino.

Kusukulu ya Sande ankatiphunzitsa bambo Chirwa, a ku Nkhata Bay, amene mkati mwa sabata ankakonza mawayilesi mumsika. Anali ndi magalasi omangidwa ndi waya, ndipo akamalankhula za Mulungu ankatsitsa mawu mpaka tonse tinkasiya kutsinana. Lamlungu lina anatiphunzitsa za ntchito zabwino. Anati Mulungu amaona zonse, ngakhale za kuseri, choncho ntchito yabwino izichitika mwakachetechete. Ukayamba kuilengeza kuti anthu akutame, ndiye kuti mphotho yako wadyera pansi pano, kumwamba ukapeza mbale atatsuka kale.

Zoti Mulungu amaonanso kuseri kwa diramu sindinaziganizire. Chimene chinandilowa ndi mphothoyo. Ndinaiona bwinobwino m'maganizo mwanga: nyumba ya malata osadontha, juzi yofiira, ndi nsapato zakuda za lamba zonga za mwana wa ahedi. Ndinatuluka m'tchalitchi ndikusakasaka munthu woti ndimuchitire zabwino iye osadziwa.

Tsoka linagwera agogo NyaGondwe. Anali mayi wamasiye wa mumpingo mwathu, wokhala yekha m'kanyumba ka njerwa zosawotcha panjira ya kumpopi. Mwendo wawo unkawavuta kuyambira kale, makutu ankamva patali, koma lilime linali lathanzi. Ana tonse tinkawaopa. Pamalire a iwo ndi bambo Msiska, telala amene ankaimba besi mukwaya, panali mtengo waukulu wa mapeyala wopanda chilungamo. Masamba unkagwetsera kwa NyaGondwe, zipatso n'kumagwetsera kwa a Msiska. Mkangano wa mtengowo unali wamkulu kuposa ine, ndipo pabwalo pa agogowo masamba ankafika m'akakolo.

Ndinayamba Lolemba. Ndinkasiya ndowa pamzere kumpopi, n'kubwerera chothamanga agogo akadali m'bulangeti. Tsache lawo ndinkalipeza pakhonde. Ndinkasesa monyang'ama, zala zitauma ndi chisanu, mphuno ikuchucha, koma mumtima muli chimwemwe chosaneneka. Masamba ndinkawakankhira kuseri kwa diramu lawo la madzi a mvula, tsache n'kuliponya pomwe ndathera. Ndikamachoka ndinkayang'ana kumwamba n'kutsokomola pang'ono, kuchitira kuti mwina Mulungu anali atatanganidwa ndi anthu a ku Lupaso.

Patapita masiku, ndinamva mayi akuuza bambo kuti NyaGondwe sakupeza bwino, mwendo watupa ndipo tulo sakuona. Ndikanakhala pansi n'kumva nkhani yonse, bwenzi zinthu zitathera pomwepo. Koma ine ndinali nditatuluka kale, ndikuganiza kuti wodwala amafunika chakudya chopatsa mphamvu. Ndinali ndi thadzi langa limene azakhali anandipatsa, ndipo linali likufungatira. Mazira ake mayi anali atawalemba kamtanda ndi khala, kuti asasokonezeke ndi amene nkhuku zina zinkaikira m'chisa chomwecho. M'mawa mwake ndinapisa dzanja pansi pa thadzilo. Linandijompha mpaka kutuluka magazi, ine n'kuwerengera kuti kumeneko ndiye kuzunzika chifukwa cha chikhulupiriro. Nditatha kusesa, ndinaika dziralo pakati penipeni pa khomo la agogo, likadali lofunda, kamtanda kakuda kali pamwamba.

Pobwera kusukulu ndinapeza anthu ali mbwee pakhomopo. NyaGondwe anali atakhala pamphasa kutali ndi nyumba yawo, mpango uli pambali, akulira mosakaniza Chitumbuka ndi Chichewa. Dzira langa analivundikira ndi beseni, pamwamba n'kutsindirapo mwala, ndipo aliyense ankalilambalala.

"Chiuta wane, ndalakwa vichi ine?" ankatero. "Tsiku ndi tsiku ndikadzuka mapazi anga palibe pabwalo. Munthu akutapa dothi pomwe ndaponda, ndiye mwendowu ungaleke kutupa? Tsache ndikasiya pakhonde, m'mawa lagona kwina. Lero dzira, la chizindikiro! Ndikumudziwa ine, nadi ndikumudziwa."

Ponena mawu omalizawo anayang'ana kumpanda wa a Msiska, ndipo anthu onse anayang'ana komweko. A Msiska ankaweta nkhuku. Kwa anthu a pamenepo umboni unali utakwana.

Zinthu zinathamanga kuposa mmene ndinkaganizira. Pofika madzulo agogo anali atatumiza uthenga kwa mwana wawo kuti adzawatenge Loweruka, abwerere kumudzi ku Rumphi, aisiye nyumba imene anamanga ndi malemu amuna awo. Mapoto anayamba kumangidwa m'chitenje. A Msiska anauzidwa ndi akulu a mpingo kuti ayambe apuma kukwaya mpaka nkhani itamveka, ndipo amayi ena anapita kukatenga nsalu zawo zisanasokedwe. A Msiskawo ndinawaona atakhala pakhonde pafupi ndi makina awo, bambo wamkulu wa mawu ogwedeza mabenchi, atangogwira tsaya.

Ndinachita mantha, ndipo chisoni chinandigwira kwambiri. Koma nsapato za lamba zija nazo zinkandiyang'ana. Ndinali nditazizidwa m'mawa wambiri, thadzi linali litandijompha, ndiye zonsezo ndizitaye ndi pakamwa panga? Ndinagwada kuseri kwa khitchini n'kupemphera pemphero limene mpaka lero ndikalikumbukira ndimadziseka. Ndinauza Mulungu kuti popeza Iye amaona zonse, awafotokozere yekha anthuwa, kaya kudzera m'maloto a abusa, koma dzina langa asalitchule.

Lachinayi masana amayi a mpingo anapita kukapemphera kwa NyaGondwe, atavala mabulauzi awo oyera ndi mipango yoyera. Mayi anandisenzetsa mtolo wa nkhuni woti tikawasiyire agogowo. Anaimba nyimbo za m'buku, zija zokoka pang'onopang'ono mpaka tsitsi kuimirira, kenako mayi busa anati tizungulire nyumba tikupemphera. Tinayenda pamzere, ine kumapeto ndi mtolo wanga. Titafika kuseri, mayi anga anaima. Anayang'ana mulu wa masamba a mapeyala umene unali utabisala kuseri kwa diramu. Anayang'ana tsache limene linali gone pamatope, poti palibe amene analimba mtima kulitola. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana kumwamba, kumene kunali chuma changa.

Anapitiriza kuyenda, pakuti pemphero linali lisanathe. Titabwerera kumaso, mayi busa anati beseni lichotsedwe, Akhristu sangamaope dzira. Onse anavomera kuti ameni, koma palibe amene anasuntha. Mayi anga, amene sankaopa ngakhale njoka, anapita n'kuchotsa mwala, n'kuvundukula. Anawerama. Ndiye poti khalidwe lolankhula usanaganize ndinatengera kwa iwo, anafuula kuti, "Aa! Dzira ili ndi lakwathu. Kamtandaka ndinalemba ndine!"

Mayi wina amene ankaonera buku limodzi la nyimbo ndi mayi anga analikoka pang'onopang'ono n'kuliika kukhwapa. Ena anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Ife tinali obwera, Chitumbuka chathu chinali chothera pa moni, ndipo palibe amene ankadziwa kumene tinachokera kwenikweni. NyaGondwe anatukula mutu n'kunena motsitsa, akuwatchula mayi ndi dzina langa, kuti, "Imwe, anyina Tadala? Imwe amene mumandibweretsera mchere?"

Ndinaona nkhope ya mayi ikusintha. Pamenepo nsapato za lamba zinatha ntchito. Ndinaponya mtolo pansi n'kuyamba kulira mokuwa.

"Ndine! Ndimasesa ndine! Dzira ndinaika ndine kuti agogo adye achire! Bambo Chirwa anati tisamanene. Tsopano ndanena, mphotho yanga yapita!"

Mayi busa anayesa kusunga ulemu wa yunifolomu, koma mapewa anayamba kugwedezeka. Wina kumbuyo anaphulika, kenako onse, ena mpaka kukhala pansi pamatope ndi zoyera zawo. NyaGondwe okha sanaseke. Anauza mayi wina kuti awabwerezere nkhaniyo kukhutu, ndipo atamva anandikodola. Ndinapita n'kugwada patsogolo pawo.

"Iwe mwana, ulibe mlomo?" anandifunsa. "Odi amagulitsa kusitolo? Umafika pakhomo panga m'mawa uliwonse, n'kuchoka osandifunsa kuti ndawuka uli? Masambawa sandiluma ine yayi. Ndimatha tsiku lonse m'nyumba umu osamva munthu akunditchula dzina. Ukanagogoda, bwenzi titamwa tiyi."

Atatero ndi pamene anaseka, kuseka kokhala ndi chifuwa, misozi ikutsika, dzanja lawo lolimba lili pamutu panga. Ine ndinalira kwambiri kuposa poyamba, chifukwa ndinali ndisanaganizepo kuti agogo oopsawo amasungulumwa.

Tsiku lomwelo gulu lonse la zoyera linawaperekeza kwa a Msiska kukapepesa. Agogo anagwada ndi mwendo wawo wotupawo, ndipo a Msiska anathamanga kukawadzutsa. "Yewo chomene, mama, zatha," anatero. "Kweni mtengo uja ndi wanga ndithu." Mkangano unayambiranso pomwepo, ndipo tonse tinadziwa kuti mtendere wabwerera. Lamlungu besi inamvekanso mukwaya. Mwana wa agogo anafika Loweruka ndi galimoto yobwereka, n'kubwerera ndi thumba la mapeyala basi. Amene anafera chikhulupiriro pankhani yonseyi ndi dzira lija, poti linasukuluka.

Kunyumba khutu langa linakokedwa ndithu. Mayi sanakwiye chifukwa cha dzira ayi. Chinawapweteka n'choti mwana amene kwawo amasesa ngati akumukakamiza ndi mfuti ankadzuka yekha m'chisanu kukasesa kwa eni. Chigamulo chinali choti ndiziyamba kwathu, kuseri kwa diramu komwe, kenako ndizipita kwa NyaGondwe, ndiziodira, ndizidikira ayankhe, ndiwapatse moni, ndiyeno ndigwire tsache.

Nkhani ya mphotho inkandivutabe, choncho Lamlungu ndinawatsatira bambo Chirwa n'kuwafunsa ngati kumwamba kwanditsalira kanthu. Anali atamva kale zonse. Anavula magalasi, napukuta m'maso, n'kuyesetsa kuumitsa nkhope. Anati za mphotho mwini wake ndi Mulungu, iwo sangamulankhulire, koma akukhulupirira kuti tsiku limenelo ngakhale kumwamba anasekako. Kenako anatsitsa mawu monga ankachitira, nati munthu woopa Mulungu amayang'ananso nkhope ya amene akumuthandiza, sangoyang'ana kumwamba kokha.

Ndinasesa pakhomo pa NyaGondwe zaka zambiri. Chitumbuka chimene ndimalankhula lero ndinachiphunzira pakhonde pawo, ndi kapu ya tiyi wopanda mkaka m'manja, iwo akundidzudzula kuti ndimasesa ngati nkhuku ikupalasa. Mwendo sunasiye kuwawa, koma sanatchulenso za mapazi.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Munthu akapereka paketi ya shuga kwa nkhalamba, mafoni amakhala atamuzungulira, ndipo chithunzi chimafika kwa ife shugayo asanalowe m'kapu. Ndimafuna kudandaula, koma ndimakumbukira kuti chinsinsi changa chinatsala pang'ono kusamutsa mayi wamasiye ndi kuphetsa bizinesi ya telala, ndiye ndimangokhala chete. Ku Msongwe nakonso nyumba zambiri zili m'mipanda ya njerwa, ndipo mwana wofuna kusesera mnzake mwamseri angakumane ndi galu asanalipeze tsache. Sindidziwa kuti nkhalamba za kuseri kwa mageti amenewo zimamva liti munthu akuzitchula dzina.

NyaGondwe anamwalira ine ndili kusekondale ku Katoto. M'mawa wotsatira tsiku la maliro, amayi a mpingo anati pabwalo pasesedwe, ndipo tsache anapatsa ine osakambirana. Chifunga chinali chomwe chija, masamba a mapeyala ali mbwee. Ndinafika pakhomo, chitseko chili chotseka, ndipo ndisanawerame ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Odi, agogo." Ndinaima pamenepo ndi tsache m'manja, kudikira kuti ayankhe.