Chichewa Chothyoka cha Anti Sultana

Sultana Valli anatchuka mano akutsogolo asanamere. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ku Limbe, wolemba masewero a pa wailesi anamumva akulalatira wogulitsa mandasi pakhonde la sitolo ya bambo ake, ndipo anamutenga kuti azisewera kamwana kamwano. Zaka zinayi zathunthu anthu ankaseka mawu ake m'makomo mwawo, osadziwa kuti kamwanako n'kamwenye.

Kenako banja linasamukira ku Leicester, ku Mangalande. Sultana anakwatiwa, anabereka ana atatu, anagulitsa nsalu mpaka imvi mbuu. Koma matenda a masewero sachizika. Ankaonera mafilimu a ku Egypt, chikhalirecho Chiarabu chake n'cha m'mapemphero chokha, n'kumayeserera kukomoka kwa akazi a m'menemo kuseri kwa kauntala. Tsiku lina kasitomala anachita kuitana ambulansi.

Ndiye atamva kuti Amalawi akukonza sewero la pa 6 Julaye mu holo ya ku Wigston, anakwera basi atavala nsapato zosiyana chifukwa cha phuma. Wotsogolera seweroli anali Chiukepo, injiniya wa ku Loughborough, munthu wanzeru za m'buku koma wosafunsa. Anamulandira ndi Chingerezi chapang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wodwala, n'kumupatsa pepala.

"Anti, inu mukhala shopkeeper," anatero Chiukepo. "Ma lines ake ndi easy: 'Iwe gula kapena iwe pita.' Mukapraktise kunyumba."

Mtima unamuwawa Sultana, kunena zoona. Zaka makumi anayi akulota siteji, lero amupatse Chichewa chothyoka miyendo? Koma anaopa kuti akatsutsa amuchotsa, ndipo pa msinkhu wakewo mwayi wina ukanachokera kuti? Anangoti "Okay", n'kumakathyola chilankhulo chake kokonzekera seweroko Loweruka lililonse.

Tsiku linafika, holo inadzaza tho! Wosewera ngati wogula anali Dunstan, bambo woyendetsa lole ku Corby. Atakwera pa siteji n'kuona maso a anthu, Chichewa chonse chinamuthawa.

"Erm... do you have the... the thing?" anatero Dunstan.

Chiukepo, kuseri kwa katani, anagwira mutu. Apo Sultana anagwira m'chiuno, pepala lija n'kuliiwala dala.

"A Dunstan, mwabwera kudzagula kapena kudzandiyang'ana? Bambo wandevu zake kuchita chibwibwi ngati wagwidwa ndi nkhuku ya eni! Lilime mwalisiya mu lole? Tayankhulani, ena tili ndi ntchito!"

Eee, anthu anagwa m'mipando! Nthungululu zinalira, amayi awiri anathamangira kutsogolo kukamumanga chitenje m'chiuno, ana obadwira konkuno akukoka malaya a makolo awo kuti awamasulire. Sultana sanaimenso. Analalata, anaimba, anavina, mphindi khumi ndi zisanu zosalembedwa paliponse, Dunstan akungovomera kuti "eya, eya".

Sewero litatha, Chiukepo anabwera manja ali kumbuyo, manyazi atamugwira.

"Anti, pepani ndithu, sindimadziwa. Koma Chichewa chimenechi munachiphunzira kuti?"

Sultana anali akusekabe, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Kuseka kuja kunatha.

"Kuphunzira? Mwanawe, amayi anga atamwalira, ndinawalira m'Chichewa."